Bajeti ya Khonsolo ya Chongwe: Tiiwerenge Isanadindidwe

M'MIYEZI yothera caka, mitambo ikayamba kusonkhana, mlimi wa ku Palabana sapezeka pakhomo. Wina ali pa mzere wa feteleza, wina akukonza goli ndi khasu la ng'ombe, wina akusakasaka mbeu. Ndi m'miyezi yomweyo pamene akuluakulu a khonsolo ya Chongwe amakhala pansi kulemba bajeti ya caka cotsatira, popeza caka ca ndalama ca boma cimayamba pa 1 Januwale ndi kutha pa 31 Disembala.

Bajeti ndi ndondomeko ya kumene ndalama zidzacokera ndi kumene zidzapita. Poyamba imakhala maganizo cabe. Akalemba a m'maofesi, makomiti amaiona, makhansala onse amakhala pansi kuivomereza, ndipo pambuyo pake imapita ku unduna woona za makhonsolo ku Lusaka. Pamene ikali maganizo, mzere ukhoza kufafanizidwa ndipo wina ukhoza kuonjezedwa. Ikadindidwa, kudandaula kwathu kumakhala kulirira madzi otayika kale. Ici ndiye cifukwa cake tikuti nthawi yoti tilankhule ndi imene pepalali lisanavomerezedwe, ngakhale kuti ndi nthawi imenenso munda ukutiitana.

Ndalama za khonsolo zimacokera kuti?

Mitsinje yake ndi iwiri. Woyamba ndi ndalama zimene khonsolo imatolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, msonkho wa pamsika, ziphaso za malonda, ndalama zovomerezera mapulani a nyumba, ndi zina zotero. Mai wogulitsa tomato pamsika wa Palabana akalipira tikiti, waponya kale dzanja lake mu bajeti.

Waciwiri ndi ndalama zocokera ku boma lalikulu. Pali thumba lothandizira makhonsolo kuyendetsa nchito zao, lija limachedwa LGEF, limene linayamba mu 2015. Lamulo linanena kuti pa K100 iliyonse ya m'thumbali, K20 kapena kuposerapo izipita ku zomangamanga, osati zonse kuthera ku malipiro a anchito. Palinso thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, limene tonse timalidziwa ndi dzina lakuti CDF.

Boma la Chongwe lili ndi nkhope ziwiri. Kumadzulo kuli bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndi nyumba zatsopano zimene zamera ngati bowa ku Silverest ndi madera ena oyandikana ndi Lusaka. Kwina konse kuli midzi, mapulazi ndi makola a ng'ombe. Eni nyumba zazikulu amalipira msonkho wa malo, ndipo amadziwa khomo la ofesi limene angagogode. Mlimi amene salankhula pa nthawi ya bajeti asadabwe akaona makina opala misewu akungozungulira kufupi ndi tauni.

CDF inakula, koma anthu nawonso ndi ambiri

Thumba la CDF linayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali locepa. Mu 2021 dera lililonse la phungu linkapatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazi zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni, ndipo bajeti ya dziko ya 2026 inaika K40 miliyoni. Palibe angakane kuti uku ndi kukwera kwakukulu.

Koma tiyeni tiwerenge monga amawerengera mlimi akamagawa thumba limodzi la ufa kwa aganyu. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu opitirira 300,000 m'boma la Chongwe, ndipo pa nthawiyo boma lonseli linali dera la phungu mmodzi. Tikagawa K25.7 miliyoni ya caka cimeneco kwa anthu onsewo, aliyense akanalandira ndalama zongopitirira K80 pang'ono. Dera la Feira ku Luangwa, lokhala ndi anthu osafika 40,000, linalandira K25.7 miliyoni yomweyo. Mu Disembala 2025 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti madera a aphungu aonjezedwe, ndipo cimodzi mwa zifukwa zimene zinkachulidwa ndi kukula kwa madera ena.

Ndalamazi zimagawidwanso zisanafike kumudzi. Malangizo a mu 2022 ananena kuti 5 peresenti ipite ku kayendetsedwe ka thumbali. Pa zotsala, 60 peresenti ipite ku zitukuko za onse monga makalasi, zipatala, zitsime ndi milatho. 20 peresenti ilipirire ana a m'masekondale ogonera komweko ndi acinyamata ophunzira nchito zamanja. Ndipo 20 peresenti yotsala ipite kwa acinyamata, amai ndi magulu, ina ngati mphatso, ina ngati nkhongole. Motero pa K25.7 miliyoni ya mu 2022, zitukuko za onse zinatsala ndi pafupifupi K14.6 miliyoni, yoti igawanidwe ndi mawadi onse a Chongwe. Ndiponso boma lalikulu lakhala likuchula zinthu zina zoti zigulidwe poyamba m'dziko lonse, monga madesiki, maambulansi ndi zipinda zocilira amai. Zonsezi ndi zofunika, koma zikacotsedwa, gawo limene wadi imasankhira yokha limacepa ndithu.

Sitikunena izi kuti tigwetse anthu mphwayi ai. Tikunena kuti wadi ya Palabana singapeze zonse m'caka cimodzi, conco iyenera kudziwa cimene ikufuna poyamba, ndi kucinena ndi mau amodzi.

Msewu, madzi ndi dibi

Palabana imadziwika ndi mkaka. Sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, imene pambuyo pake boma linaganiza zoikweza kukhala yunivesite, ndiyo inachukitsa dzina la dera lino. Aliyense wokama ng'ombe amadziwa kuti mkaka sudikira. Ukakamidwa m'mamawa, uyenera kufika kumene amauziziritsa m'maola ocepa, apo ai umasasa ndipo ogula amaubweza. Njinga ikatitimira m'matope mu Januwale, kapena madzi akakokolola kamlatho, ndalama ya tsikulo yapita. Conco kwa ife mzere wa misewu ya kumidzi mu bajeti si nkhani ya m'maofesi, ndi nkhani ya fizi ya ana ndi mcere wa m'nyumba.

Apa tisiyanitse. Misewu ikuluikulu monga wa Great East ili m'manja mwa bungwe la boma loona za misewu, la RDA. Feteleza wa FISP ndi wa unduna wa zamalimidwe, ndipo mtengo wa cimanga wa FRA sukambidwa ku khonsolo. Tikapita ku msonkhano wa bajeti ndi kuthera nthawi yonse pa feteleza, tidzabwerako titatopa popanda kanthu. Za khonsolo ndi misewu ing'onoing'ono ya m'midzi, misika, ngalande, ukhondo ndi zina zotero. Malamulo aakulu a dziko monga anakonzedwera mu 2016 anaikanso nchito zosamalira umoyo wa ziweto pa mndandanda wa nchito za makhonsolo. Ndiye kuti kufunsa za dibi la ng'ombe ndi za nkhupakupa pa msonkhano wa bajeti si kusocera ai.

Za madzi sitifunika kukumbutsana kwambiri. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo imeneyo ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, zitsime zinauma, ndipo ng'ombe zinaonda. Anthu a m'tauni ya Chongwe anaonapo kangapo mtsinje wa Chongwe ukuphwa m'cilimwe mpaka mipope kusowa madzi. Bajeti imene ilibe mau pa zitsime, madamu ang'onoang'ono ndi kukonza mipope yoonongeka yaiwala msanga zimene tinaona ndi maso athu.

Mafunso anai oti tipite nao

Munthu safunika kukhala wophunzira kwambiri kuti aunike bajeti. Amene anasungapo ndalama za kopaletivu, za kalabu ya amai kapena za komiti ya pachalichi amadziwa kale mafunso ake.

Loyamba: caka catha munalonjeza ciani, ndipo cacitika ndi ciani? Bajeti yatsopano isawerengedwe payokha. Iikidwe pambali pa ya caka catha. Ngati munali kalasi, dibi kapena kamlatho ka mu wadi yathu, tipite tikaone ngati kalipo. Nyumba imene yaima pa mawindo kwa zaka ziwiri iyenera kumalizidwa tisanakumbe maziko ena.

Laciwiri: pa ndalama zimene munati mudzatolera, munatolera zingati? Pa pepala ndi capafupi kulemba mamiliyoni. Koma ngati khonsolo inayembekezera K100 ndipo inapeza K60, cimene cimayamba kulipidwa ndi malipiro ndi mafuta a magalimoto, ndipo cotsalira m'mbuyo ndi msewu wa kumudzi. Funso lomwelo lipite ku ndalama za boma lalikulu: zimene zinalengezedwa ku Nyumba ya Malamulo zinafika zonse kodi, ndipo zinafika mwezi uti? Ndalama ya msewu yofika mu Disembala, mvula itayamba, imagona kubanki kufikira cilimwe.

Lacitatu: cinthu cikamangidwa, adzacisamalira ndani? Makhonsolo ambiri m'dziko muno anagula makina opala misewu ndi ndalama za CDF. Koma makina opanda mafuta, opanda woyendetsa ndi opanda ndalama yokonzera ndi citsulo cabe. N'cimodzimodzi ndi citsime ca mpope ndi dibi lopanda mankhwala. Tiyang'ane ngati mu bajeti muli mzere wa kukonza ndi kusamalira, osati wa kugula ndi kumanga wokha.

Lacinai: nkhongole zimene zinaperekedwa zabwezedwa zingati? Ili ndi funso lotikhudza ife eni ake. Mkulu wofufuza kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma wakhala akudandaula m'malipoti ake kuti m'madera ambiri nkhongole za CDF sizikubwezedwa bwino. Ndalama imeneyi inapangidwa kuti izizungulira: gulu lina likabweza, lina likongole. Amene watenga ndi kukhala cete walanda mnzake wa m'mudzi momwemo. Sitingaloze cala khonsolo pamene dzanja lina tabisa kumbuyo.

Khomo lolowera

Lamulo la makhonsolo la mu 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko mu wadi iliyonse, aja timawachula kuti WDC, ndipo mamembala ake ambiri amasankhidwa ndi anthu m'mazoni. Pempho la citukuko limayambira pa msonkhano wa m'mudzi kapena wa zoni, limapita ku komiti ya wadi, kenako ku komiti ya CDF ya dera lonse. Cimene sicinalembedwe pansi pano sicingatulukire cokha kumwambako. Ambiri a ife timadziwa dzina la khansala, koma ndi angati amene amadziwa woimirira zoni yao mu komiti ya wadi?

Misonkhano ya makhansala onse ndi yotseguka kwa anthu, kupatula pamene pali nkhani yapadera. Ndiponso mu Disembala 2023 dziko lino linalandira lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. Kupempha kuona mndandanda wa zitukuko zovomerezedwa mu wadi yathu, mtengo wake ndi dzina la kontilakita si cipongwe, ndiponso si ndale. Ndalamazi si za phungu, si za khansala, si za cipani ciliconse. Ndi za msonkho wa anthu onse.

Tikudziwa kuti ulendo wa ku Chongwe umafuna ndalama ndi tsiku lathunthu, ndipo si onse angasiye munda. Koma mutu umodzi susenza denga. Kopaletivu ya mkaka ikhoza kutuma anthu awiri. Miphakati ndi mabungwe a amai ndi a acinyamata a m'machalichi akhoza kusonkhetsa ya basi ya munthu mmodzi wodziwa kuwerenga manambala, amene akabwera afotokozere anzake. Olengeza zidziwitso pa Sabata asaiwale kuchula tsiku la msonkhano wa zoni monga amachulira za maliro ndi za ukwati. Nazonso nduna za m'midzi ya Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II zili ndi mau amene amamveka, ndipo ndi bwino kuyenda nazo limodzi.

Kwa a khonsolo pempho lathu ndi lacidule. Lengezani masiku a misonkhano ya bajeti nthawi ikalipo, pa wailesi, pamsika ndi pa cipatala, osati pa intaneti pokha. Bweretsani misonkhano ina ku mawadi, m'malo moitanira onse ku boma. Lembani mwacidule, m'Cisoli ndi m'Cinyanja, zimene wadi iliyonse ikuyembekezeka kulandira, ndipo mupacike pepalalo pamene aliyense angalione. Pepala limodzi lokhomedwa pa khomo la sukulu limathetsa mphekesera zambiri.

Akulu anati mwana wosalira amafera mu mbereko. Ngati anthu a ku Palabana agwirizana pa zinthu ziwiri kapena zitatu, nazilemba, nazipereka bajeti isanadindidwe, caka camawa adzakhala ndi poyambira pofunsa. Ngati akhala cete, ena adzawalankhulira, ndipo adzalandira zimene enawo asankha.