Nyumba yodalira thumba limodzi

Ku Mtendere abambo timadzuka kusanache. Ena amapalasa njinga kukasamalira maluwa ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill, ena amakhala akubwerera kuchokera ku ulonda wa usiku, ena amakoka makina owotcherera zitsulo kupita nawo m'mbali mwa msewu. Lendi, thumba la ufa, malasha, mayunitsi a magetsi, zonse zimayang'ana m'thumba la munthu mmodziyu. Ankhoswe anatiuza kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, ife nkuvomera.

Chaka cha 2024 chinatigwedeza. Mvula itakana, madzi anaphwa ku Kariba, magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse. Mnansi wanga wowotcherera mageti anakhala miyezi manja ali lende. Amene anadyetsa ana ndi mayi wa m'nyumbamo. Tambala woyamba akalira, iwo ali kale pa basi kupita ku msika wa Soweto kukaoda tomato ndi repu. Pobwerako amayala pa katebulo pakhomo, nkumanga ufa m'timapulasitiki ta pamela togulitsa kwa amene sangathe kugula thumba. Lendi inachokera ku chilimba cha amayi anzawo. Koma bamboyo sankafuna kuti anthu adziwe. Anayamba kukwiya msanga, kudya mochita manyazi m'nyumba yakeyake. Zinandiwawa kuona, chifukwa katundu amene tinasenzetsa mwamuna amamuthyola iye yemwe, ndipo thukuta la mkazi silimawerengedwa.

Choopsa kwambiri chimabwera bambo akamwalira. Maliro asanathe, achibale ayamba kale kuloza firiji ndi mipando. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limanena momveka kuti munthu akamwalira osalemba wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100 a chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo 10 ndi a ena amene ankamudalira. Nyumba imatsalira wamasiye ndi ana. Wolanda katundu atha kukamunenera ku Victim Support Unit ya apolisi. Tilinso ndi lamulo la Gender Equity and Equality Act la 2015. Komatu lamulo limamuthandiza bwanji mayi amene sadziwa komwe kuli mapepala a nyumba, amene sanauzidwepo kuti mwamuna wake amalandira zingati?

Ine ndimaona kuti kufanana kwa amuna ndi akazi kuno ku komboni kumayambira pamenepo. Mkazi akapeza yake ndalama, ulemu wa bambo suchepa. Ana ndiwo amagona atadya.

Abambo anzanga, usiku uno muwaonetse amayi nambala yanu ya NAPSA ndi mapepala a ku khonsolo, ndipo dzina lawo lilembedwepo pa nyumba. Akafuna kutsegula kantemba musawaletse. Mwana wamkazi musamutsalitse pakhomo kuti azilera ang'ono ake, pakuti kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12.