Dokota wopanda nyeleti: nchito yomvetsela ana a m'cigwa ca Luangwa

KUNO ku Mambwe, kucokela kwa Mfumu Jumbe mpaka kwa Malama, mwana akatentha thupi palibe kholo limene limafunsa kawili. Amamubeleka kumsana kapena kumukweza pa njinga, ulendo wa ku kiliniki kukapimitsa malungo. Koma mwana yemweyo akaleka kukamba, akayambanso kukodza pamphasa ali ndi zaka 10, akamadzidzimuka usiku ndi kukuwa, kapena akakana sukulu imene anali kuikonda, ambili a ife timatenga mkwapulo. Mkwapulo ukalephela timapita kwa ng'anga, ndipo ng'anga ikalephela timangoti mulekeni, adzasintha akakula.

Pali anthu amene anaphunzila nchito yothandiza ana otelewa. Pa Cingelezi amachedwa clinical psychologist, ife tingati katswili wa za maganizo ndi khalidwe. Ambili a iwo ali ku Lusaka ndi m'matauni akuluakulu, motelo mlimi wa ku Msoro kapena ku Nsefu angakalambe osaonanapo ndi mmodzi. Komabe ndi bwino kuti makolo ndi atsogoleli a mipingo adziwe zimene munthuyu amacita, cifukwa mbali yaikulu ya nchito yake ingathe kufika kumudzi kupyolela mwa anthu amene tili nawo kale.

Coyamba, tisamusokoneze ndi dokota wa matenda a misala. Dokota uja, pamodzi ndi ma clinical officer ndi manesi amene anaphunzila za matendawa ku Chainama, amapima wodwala ndi kulemba mankhwala. Katswili amene tikukamba pano sabaya nyeleti ndipo sapeleka mapilitsi. Anaphunzila pa yunivesite za mmene mwana amakulila, mmene amaganizila, ndi mmene mantha kapena cisoni zimasinthila khalidwe lake. Asanayambe kugwila odwala afunika kulembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, monga mmene anzake a m'cipatala amacitila. Zida zake ndi mafunso, maso, makutu ndi nthawi.

Mwana akabwela, katswiliyu amayamba ndi amai kapena ambuye ake. Mimba inali bwanji? Anabadwila kuti, ndipo analila atangobadwa? Anayamba liti kukhala, kuyenda, kukamba? Anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka? Kodi m'nyumba mwagwa malilo, cikwati catha, kapena mwabwela munthu wacilendo? Akatha apa amakhala ndi mwanayo payekha. Mwana wa zaka 6 sangafotokoze zimene zili mumtima mwake ngati munthu wamkulu, koma mukamupatsa dothi, pensulo kapena tuzidole, zimene pakamwa pakana kunena zimatulukila m'manja. Kholo limene layenda maola atatu kuyembekezela mankhwala lingakhumudwe kuona dokota atakhala pansi akusewela ndi mwana. Koma kupima kwake ndi komweko.

Nkhani ya dothi ili ndi mbili yake, ndipo mbiliyo ndi ya kuno kum'mawa. M'zaka za m'ma 1970, Profesa Robert Serpell wa pa University of Zambia, amene pambuyo pake anatsogolela yunivesiteyo kucokela mu 2003 mpaka 2006, anapita m'midzi ya Acewa ku Katete. Anafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pakagwa nchito yofunika, ndi mwana uti amene angamutume, ndipo cifukwa ciani. Anapeza kuti kwa anthu athu nzelu ili ndi miyendo iwili: kucenjela, ndi kutumikila, ndiko kuti kumva, kukhulupilika ndi kusamala anzako. Mwana wocenjela koma wosatumika akulu sanali kumuika pa gulu la anzelu. Mu 1979 anafalitsa zotsatila za kufufuza kwina kumene anayelekeza ana a ku Zambia ndi a ku England. Pojambula ndi pensulo pa pepala ana a ku England anapambana. Popinda waya, monga mmene anyamata athu amapangila tumagalimoto, ana a ku Zambia anapambana. Poumba ndi dothi onse anali cimodzimodzi.

Phunzilo lake ndi lakuti mukapima mwana wa ku Kakumbi ndi zithunzi za zinthu zimene sanazionepo, m'cinenelo cimene sakamba kunyumba, mudzalemba kuti alibe nzelu pamene vuto lili ndi cipimo canu. N'cifukwa cake a Serpell ndi anzawo anakonza cipimo cochedwa Panga Munthu, cimene miyezo yake inafalitsidwa mu 1998. Mwana amapatsidwa dothi kuti aumbe munthu, ndipo wopima amaona ziwalo zimene waika poyelekeza ndi ana ena a msinkhu wake. Katswili aliyense amene adzabwela kudzagwila nchito m'cigwa muno afunika kudziwa zimenezi, ndiponso afunika kumva Cikunda. Mwana amene waona zoopsa sangazifotokoze bwino kupyolela mwa womasulila amene mawa adzakumana naye pa cigayo.

Nanga n'ciani cimene cimavutitsa maganizo a ana athu? Zina n'zofanana ndi za ana a kulikonse. Bungwe la World Health Organization limati pa ana ndi acinyamata a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa 7 alionse ali ndi vuto la maganizo, ndipo mavuto ambili amene timaona mwa akulu anayamba iwo akali ana. Koma cigwa cathu cili ndi zakezake.

Alimi adziwa kuti cimanga ndi mapila zikayamba kukhwima, banja lonse limagona pa nsanja kulinda njovu, kumenya zitini ndi kusonkha moto mpaka mbandakuca. Anyamata a giledi 5 amakhala nawo, ndipo m'mawa amapita ku sukulu maso ali ofiila. Ena a iwo anaonapo ndi maso awo njovu ikupha munthu, kapena ng'ona ikukoka mnzawo pa dooko. Malilo akatha, akulu amabwelela ku munda, mwana amatsala ndi cithunzi cija. Amalota, amanjenjemela akamva nthambi ikuthyoka, amakana kudutsa njila imene zinacitikila, ndipo ena amakhala aukali kwambili. Imeneyi si mizimu ndipo si mwano. Ndi bala la mumtima, ndipo monga bala lililonse lili ndi kacilitsidwe kake. Kuno njovu zimawelengedwa ndi ndege, ndipo zikapha munthu a za nyama zakuthengo, amene ambili tikali kuwachula kuti a ZAWA, amafika kudzalemba lipoti. Zonsezi n'zabwino. Funso langa ndi lakuti, pakapita miyezi itatu, ndani amapita kukaona mwana amene anali pambali pa malemuyo?

Amene anali ana pa cigumula ca mu 2007 lelo ndi makolo, ndipo angathe kucitila umboni mmene mantha a madzi amakhalitsila. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinabweletsa njala, ndipo njala imabweletsa ndeu m'nyumba, mowa, ndi kukwatiwitsa atsikana akali aang'ono.

Palinso malungo. Ambili timaganiza kuti mwana akatsitsimuka ku malungo a mu ubongo ndiye kuti nkhani yatha. Madokota a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, m'dziko la Malawi, pamodzi ndi Dr Gretchen Birbeck amene anagwilanso nchito zaka zambili ku Chikankata, anatsatila ana amene anapulumuka matendawa. Zotsatila zake zinatuluka mu 2010, ndipo zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulemala kapena kuvutika kukamba, ena khalidwe losakhazikika ndi ukali. Zina mwa izi zimaonekela patapita miyezi, makolo ataiwala kale za malungo aja. Ndiye taganizilani mwana amene ubongo wake unavulala akumenyedwa tsiku ndi tsiku kuti ndi wosamva.

Za khunyu tinene mosabisa, popeza ana ambili amacotsedwa sukulu cifukwa ca iyo. Khunyu si misala, ngakhale kuti m'zipatala zathu nthawi zambili imasamalidwa ku cigawo ca matenda a maganizo. Siyambukila kupyolela m'malovu, m'mpweya kapena kudyela mbale imodzi. Mwana akagwa, mucotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni cam'mbali, ndipo musamuike supuni kapena cala m'kamwa. Mankhwala ake alipo, ndipo ana ambili amene amamwa mosadumpha amaleka kugwa. Pamenepa katswili wa maganizo amathandiza mwanayo kuthana ndi manyazi, ndipo amakambilana ndi aphunzitsi kuti abwelele m'kalasi.

Vuto lalikulu ndi mtunda. Boma la Mambwe lili ndi anthu opitilila 100,000 malinga ndi kalembela wa mu 2022, ndipo gawo lalikulu ndi ana. Kucokela ku Mfuwe kupita ku Chipata Central Hospital, kumene kuli cigawo ca matenda a maganizo, ndi makilomita opitilila 100. Kucokela ku Chipata kukafika ku Chainama, cipatala cacikulu ca matendawa cimene cinatsegulidwa mu 1962, ndi makilomita ena opitilila 500. Thandizo la kukambilana silitha tsiku limodzi, limafuna kukumana mlungu ndi mlungu kwa miyezi iwili kapena itatu. Mlimi wa thonje amene amaona ndalama kamodzi pa caka sangakwanitse maulendo otele, ndipo mvula ikagwa mitsinje monga Lupande imatseka njila za midzi ina.

Apa m'pamene nchito ya katswili wa kumudzi imasiyana ndi ya mnzake wa m'tauni. Sangakhale mu ofesi kuyembekezela odwala. Nthawi yake yambili iyenela kupita pa kuphunzitsa ena ndi kuwayang'anila. Ndipo umboni wakuti izi zimatheka unacokela m'dziko lathu lomwe lino. Ku Lusaka, ofufuza otsogoleledwa ndi Dr Laura Murray wa ku Johns Hopkins University anaphunzitsa anthu wamba a m'makomboni, osakhala madokota, njila yothandizila ana amene anaona zoopsa kapena kucitidwa nkhanza. Ana 257 a zaka 5 mpaka 18 anagawidwa pawili. Zotsatila zimene zinafalitsidwa mu 2015 zinaonetsa kuti mwa ana amene analandila thandizoli zizindikilo za mantha aja zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100, pamene mwa amene analandila cithandizo ca masiku onse zinatsika ndi 21 pa 100 cabe. Koma taonani bwino: alangizi aja sanangophunzitsidwa ndi kusiyidwa. Mlungu uliwonse anali kukhala pansi ndi owayang'anila kukambilana za mwana aliyense. Wekishopu ya masiku atatu, satifiketi ndi alawansi, kenaka osaonananso, si zimene zinacilitsa ana amenewo.

Ife tili ndi anthu oyenela kuphunzitsidwa. Tili ndi manesi ku Kamoto Mission Hospital ndi m'makiliniki, aphunzitsi a uphungu m'masukulu, amai a Cigwilizano, a Mothers' Union ku Msoro, akatekisiti ndi atsogoleli a miphakati ku Chikowa. Anthu awa amadziwa kale nyumba imene muli mwana wotsekeledwa, ndi imene muli mtsikana amene waleka kuseka. Cimene afunika ndi munthu wowaphunzitsa zoyenela kufunsa, zoyenela kusunga mwacinsinsi, ndi nthawi yoyenela kutumiza mwana ku cipatala mosacedwa. Pemphelo lili ndi malo ake ndipo palibe katswili wabwino amene angaletse banja kupemphela. Koma kumanga mwana ndi zingwe, kumusalitsa cakudya masiku ambili, kapena kumuimika pamaso pa mpingo kuti avomele kuti ndi mfiti, kumakulitsa bala.

Malamulo nawo anasintha. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Mental Health Act, m'malo mwa lamulo la m'nthawi ya atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli limati wodwala maganizo ali ndi ufulu wolemekezedwa ndi kuthandizidwa, ndipo limafuna kuti thandizo lifike pafupi ndi kumene anthu akhala. Mu 2022 kunabwela Children's Code Act, imene imaletsa kulanga mwana pomumenya. Ndidziwa kuti makolo ena amang'ung'udza nalo lamuloli. Koma mwana amene akukodza pogona cifukwa ca mantha, mukamumenya mwaonjezela mantha omwewo. Mu 2022 momwemo ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, kuphatikizapo Malambo. Pa misonkhano ya m'mawodi timapempha milatho, madesiki ndi zitsime. Tingapemphenso kacipinda kokhala ndi citseko pa kiliniki, kumene mtsikana angakambe zimene zinamucitikila popanda mzele wonse wa odwala kumva.

Kwa makolo, zizindikilo zina siziyenela kuyembekezela kukolola. Mwana akanena kuti afuna kufa, musaseke ndipo musamukalipile. Khalani naye, mumufunse modekha, ndipo mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Alimi a thonje, mankhwala opopela musungile kutali, m'bokosi lokhoma, kiyi ikhale ndi munthu wamkulu, cifukwa mkwiyo wa wacinyamata umapita pakatha maola ocepa ngati palibe coopsa pafupi. Mwana akagonedwa kapena kugwililidwa, nkhaniyo si yokambilana pa bwalo ndi kulipilitsa mbuzi. Afunika kufika ku cipatala pasanathe maola 72 kuti alandile mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani ipite ku Victim Support Unit ya apolisi. Mtsikana amene watenga mimba ali pa sukulu ali ndi ufulu wobwelela akabeleka, monga mmene boma linalolela kuyambila mu 1997.

Popita ku kiliniki tengani khadi la mwana la ku sikelo ndi mabuku ake akale a cipatala, ndipo apite ndi munthu amene amakhala naye masiku onse, amene angayankhe kuti vuto linayamba mwezi uti. Ngati thandizo silipezeka pamenepo, pemphani kalata yokutumizani ku cipatala cacikulu. Amene ali ndi foni angaimbe kwaulele pa nambala ya Childline, 116, usana kapena usiku, ndipo akulu amene afuna uphungu angaimbe pa 933.