Kangaude Amene Amakhala Kuseri kwa Chitseko

Ambiri amene tinakulira ku Area 25 kapena ku Chinsapo tinakumbapo nkhululu. Una wa nkhululu suvuta kuupeza chifukwa pakhomo pake pamakhala kamulu ka dothi. Koma pali una wina umene mukhoza kuupondapo chaka chonse osauona, poti mwini wake anauikira chitseko. Mwini wakeyo ndi kangaude amene m'Chingerezi amamutchula kuti trapdoor spider. Ine ndimangoti kangaude wa chitseko.

Kangaudeyu satchera ukonde m'mwamba ngati anzake a kudenga. Amakumba una pansi, n'kumata makoma ake ndi ulusi. Chitsekocho amachiumba ndi dothi losakaniza ndi ulusi, mbali imodzi n'kuilumikiza kuti izigwira ntchito ya mahinjesi. Pamwamba pake pamafanana ndi nthaka yozungulira, moti ngakhale mutagwada pomwepo mumangoona kamzere kozungulira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo.

Thupi lake ndi la wokumba. Ndi wojintcha, miyendo yake isanu ndi itatu ndi yaifupi koma yamphamvu, ndipo khungu limakhala lofiirira kapena lakuda, lonyezimira. Pamwamba pa mano pali timinga tolimba timene amapalasira dothi ngati khasu. Manowo amaloza pansi ndipo amabaya ngati piki, pomwe akangaude ambiri a m'nyumba mano awo amakumana ngati pulayasi. Alinso ndi mapapo anayi okhala ndi timapepala tosanjikizana ngati masamba a buku. Maso ali nawo asanu ndi atatu, koma sawadalira kwenikweni. Usiku amatsegula chitseko pang'ono n'kudikira. Chiwala, nyerere kapena chiswe chikadutsa, iye amamva kugwedezeka kwa nthaka, n'kutumphuka, kugwira, kubwerera mkati. Zonsezi zimatha musanaphethire n'komwe.

Banja limodzi lalikulu la akangaudewa limatchedwa Idiopidae, ndipo likupezeka mu Africa, Asia, Australia ndi South America. Amene amandisangalatsa kwambiri ndi a mtundu wa Galeosoma, opezeka ku Mozambique, Botswana ndi South Africa. Kumbuyo kwa mimba yawo kuli kachishango kolimba. Mdani akalowa, kangaudeyo amazondoka n'kutseka unawo ndi kumbuyo kwakeko, ngati mmene timatsekera botolo ndi chitsononkho. Mdani woopsa ndi mavu ena amene amaluma kangaude kuti afooke, n'kumuikira dzira, ndipo kamphutsi kakaswa kamamudya ali moyo.

Wamkazi sasamuka. Una umene anakumba ali wamng'ono amangoukulitsa moyo wake wonse. Ku Western Australia, katswiri wina dzina lake Barbara York Main anayamba kutsatira kangaude wamkazi wa m'banja lomweli mu 1974, n'kumupatsa dzina loti Number 16. Anafa mu 2016 ali ndi zaka 43, ndipo chitseko chake chinapezeka chitabooledwa ndi mavu. Tangoganizani, kangaude wamkulu kuposa ena mwa aphunzitsi athu.

Wamwamuna ndiye timakumana naye. Akakhwima, kawirikawiri mvula ikayamba, amasiya una wake n'kuyenda usiku kufunafuna wamkazi. Ndi wowonda, wa miyendo yaitali, ndipo sakhalitsa akachoka pakhomo. Akasochera n'kulowa m'nyumba, timamulandira ndi patapata. Kunena zoona akhoza kuluma mukamugwira, ndipo zimapweteka, koma ululu wake sudziwika kuti ndi woopsa kwa munthu. Kumukankhira panja ndi tsache n'kokwanira.

Chimene chimawatha si patapata ayi. Ana a akangaudewa amayenda wapansi ndipo amakumba pafupi ndi una wa mayi wawo, choncho mbumba yonse imakhala pa kamalo kamodzi, komanso amatenga zaka zingapo kuti akhwime. Munthu akakumba pamalopo kuti aumbe njerwa kapena amange nyumba, mibadwo ingapo imatha tsiku limodzi, ndipo palibe ena obwera msanga kudzalowa m'malo.

Kwa anzanga amene tikukonzekera uphunzitsi, phunziro ili silifuna labotale. Funani malo amene sanalimidwe, monga m'mbali mwa ngalande yakale kapena patsinde pa mtengo. Mukapeza chitseko, chitukuleni pang'onopang'ono ndi kaudzu. Nthawi zambiri mudzamva chikukokedwa kuchokera mkati: mwini wake wachigwira ndi mano. Mulekeni pomwepo, musakumbe.