Kodi Wopalasa Njinga Mtunda Wautali Amaphunzitsidwa Bwanji?

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli mnyamata wodziwika pa njinga. Mwina kwanuko aliponso. Amamanga matumba awiri a cimanga pakaliyala n'kukwera citunda osatsika, anzake akukankha. Anthu akamuona amati, "Uyu atapita ku mpikisano, palibe angamupeze." Mwina akunena zoona. Koma mpikisano wa maola anayi kapena asanu sufuna mphamvu zokha. Pamafunika munthu wina womuyang'anira, womuuza tsiku lothamangitsa njinga ndi tsiku lokhala pansi. Munthu ameneyu ndi mphunzitsi wa masewera, uja pa Cipwitikizi amati treinador.

Mwina mudabwa kumva kuti mawu amene mphunzitsi wabwino amanena kawirikawiri ndi akuti, "Cepetsa liwiro." Tiyeni tione cifukwa cake.

Mipikisano yake ndi yotani?

Mpikisano wa njinga wochuka kwambiri ndi Tour de France. Umacitika caka ciliconse ndipo umatenga milungu itatu. Amapalasa masiku 21, kupuma masiku awiri okha, ndipo mtunda wonse umaposa makilomita 3000. Mu 2024, Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana masiku atatu mwa masiku amenewa. Iye ndiye munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana tsiku la mpikisanowu. Anakulira ku Asmara, mzinda wa pamwamba pa mapiri, ndipo ali mnyamata anapita ku sukulu ya njinga ku Aigle m'dziko la Switzerland. Kumeneko anakapeza aphunzitsi.

Palinso masewera ena ochedwa triathlon. Awa ndi masewera atatu ophatikiza. Munthu amayamba kusambira, akavuuka m'madzi n'kukwera njinga, akatsika njinga n'kuthamanga wapansi, osapuma pakati. Pa masewera a Olimpiki amasambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa makilomita 40, n'kuthamanga makilomita 10. Makilomita 40 ali ngati kucoka mumzinda wa Tete kukafika ku Moatize n'kubwerera. Triathlon inalowa m'masewera a Olimpiki mu 2000 ku Sydney, konkuja Maria Mutola wathu anatenga mendulo yagolide pa mamita 800. Koma pali triathlon ina yoopsa, yochedwa Ironman, imene inayambira ku Hawaii mu 1978. Kumeneko amasambira makilomita pafupifupi 4, kupalasa 180, n'kuthamanga 42, zonsezi tsiku limodzi. Eetu, anthu enieni ngati inu ndi ine.

Moto wa udzu ndi moto wa cikuni

Thupi lili ndi nkhokwe ziwiri za mphamvu. Yoyamba ndi shuga amene amasungidwa m'minofu ndi m'ciwindi. Shuga ameneyu ali ngati udzu wouma: amayaka msanga, moto wake ndi waukulu, koma sacedwa kutha. Munthu akamapalasa molimba, nkhokwe imeneyi imatha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imalefuka, mutu umazungulira, ndipo ngakhale kamtunda kakang'ono kamaoneka ngati phiri. Ngati munapalasapo ulendo wautali ndi njala, mukudziwa zimene ndikunena.

Nkhokwe yaciwiri ndi mafuta a m'thupi. Awa ali ngati cikuni cija cimagonera moto usiku wonse. Ngakhale munthu woonda ali ndi mafuta okwanira kumuyendetsa maola ambirimbiri. Vuto n'lakuti thupi limafunika kuphunzira kuwagwiritsa nchito bwino, ndipo limaphunzira munthu akamapalasa mofatsa kwa nthawi yaitali. Kupalasa kofatsa kumacitanso zina. Mtima umakula mphamvu n'kumapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timaculuka m'minofu ya miyendo, ndiye mpweya umafika mokwanira. Zimenezi sizicitika pa mlungu umodzi. Zimatenga miyezi, mwinanso zaka.

Wasayansi wina, Stephen Seiler, amene amagwira nchito ku Norway, anafufuza mmene akatswiri a mitunda italiitali amakonzekerera. Anapeza kuti pa maulendo khumi a kukonzekera, pafupifupi asanu ndi atatu amakhala ofatsa. Awiri okha ndiwo amakhala olimba.

Apa ndi pamene acinyamata ambiri amalakwitsa. Akakumana awiri pamsewu, basi mpikisano wayamba. Lero kuthamangitsana, mawa kuthamangitsana. Poyamba amaoneka ngati akupita patsogolo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, liwiro limaima, bondo liyamba kuwawa, cilakolako ca njinga cija n'kutha. Ambiri amasiyira pomwepo, anthu n'kumati mwanayo anali waulesi. Sunali ulesi. Analibe womubweza.

Nanga mudziwa bwanji kuti wophunzira wanu akupalasa mofatsa? Akatswiri ali ndi makina owerenga kugunda kwa mtima ndi mphamvu ya miyendo. Inu simufunika makina. Palasani pambali pake n'kumufunsa nkhani: "Kodi dzulo kumsika kunali bwanji?" Akayankha bwinobwino, mawu onse osadukiza, ndiye kuti liwiro lili bwino. Akamayankha mawu amodziamodzi uku akupuma wefuwefu, wathamanga kwambiri. Muuzeni acepetse.

Tsiku lolimba

Izi sizikutanthauza kuti azingoyenda ngati akupita kucigayo masiku onse. Masiku olimba alipo, ndipo amakhala olimbadi. Mphunzitsi amasankha citunda cabwino copanda magalimoto ambiri. Wophunzira amayamba watenthetsa thupi kwa mphindi 15 kapena 20. Kenako amakwera molimba kwa mphindi zinayi, n'kutsika pang'onopang'ono kuti mpweya ubwerere, n'kukweranso. Amatero kanayi kapena kasanu, basi. Masiku otere asapose awiri pa mlungu, ndipo asatsatizane.

Cimene ambiri sadziwa n'cakuti mphamvu sizibwera pa citundapo. Pa citunda minofu imatopa n'kuvulala pang'ono mkati. Thupi limaikonza munthu akadya n'kugona, ndipo poikonza limailimbitsa kuposa kale. N'cifukwa cake mphunzitsi amafunsa za tulo ngati mmene amafunsira za makilomita. Maola asanu ndi atatu a tulo ndi ofunika. Tsiku limodzi pa mlungu njinga ikhale m'nyumba. Aphunzitsi ambiri amaonjezera nchito pang'onopang'ono kwa milungu itatu, mlungu wacinayi n'kuicepetsa kuti thupi lipezenso mphamvu.

Kope ndi pensulo

Cida coyamba ca mphunzitsi ndi kope. Apa ndi pamene kudziwa kwanu kulemba kugwire nchito.

M'mawa uliwonse, wophunzira asanadzuke pamphasa, aike zala ziwiri pamkono, cakumunsi kwa cala cacikulu, pamene mtsempha umagunda. Awerenge kwa mphindi imodzi yathunthu. Munthu wamkulu amapeza pakati pa 60 ndi 100. Katswiri wokonzekera bwino amatha kupeza 50, ena mpaka 40. Nambalayo ilembedwe. Madzulo alembenso zimene wacita. Mzere umodzi ndi wokwanira:

Laciwiri. Mtima 58. Njinga maola 2, mofatsa. Miyendo ili bwino. Ndagona bwino.

Pakatha mwezi, kopelo liyamba kulankhula. Tinene kuti masiku onse mtima umakhala 58, ndiye mwaona 67, mawa lake 68. Thupi likunena kuti latopa, kapena matenda ali m'njira. Tsiku limenelo musapite ku citunda, ngakhale mwanayo alimbikire kuti ali bwino. Acinyamata amabisa kutopa poopa kuoneka ofooka, koma nambala za m'kope amalephera kuzibisa.

Pa nkhani ya matenda musanyengerere. Thupi likatentha, njinga iime. Pitani naye kucipatala akayezedwe malungo. Kupalasa molimba thupi likutentha kungavulaze mtima, ndipo munthu angathe kugwa. Akamwa mankhwala n'kucira, ayambenso mofatsa kwa masiku angapo. Mukamva kuti akupweteka pacifuwa kapena wakomoka ali pa njinga, imeneyo ndi nkhani ya adokotala, osati ya mphunzitsi.

Cakudya ndi madzi

Musavutike ndi zakudya za m'mabotolo zimene mumaona pa wailesi yakanema. Zambiri zofunika zili kale kumunda kwanu. Maola awiri kapena atatu ulendo usanayambe, adye nsima, mpunga, phala kapena mbatata. Ulendo ukaposa ola limodzi ndi theka, azidya ali pa njinga pomwepo, pang'onopang'ono, pakatha theka la ola lililonse: nthoci, kacidutswa ka mbatata yophika kapena buledi. Asadikire njala, cifukwa ikafika ndiye kuti udzu uja watha kale. Akabwerako adye msanga, ndipo pa ndiwo pakhale nyemba, usipa, mazira kapena nsinjiro. Izi ndizo zimakonza minofu.

Madzi azimwa pafupipafupi. Pa ulendo wautali thirani shuga pang'ono ndi kamcere kotsina ndi zala m'botolo, poti thukuta limatulutsa mcere. Ku cigwa ca Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumaposa madigiri 40, kukonzekera kuzicitika mbandakuca.

Ngati mukuphunzitsa mtsikana, pali cina coti mudziwe. Akamagwira nchito yambiri koma akudya mocepa, amatha kusiya kusamba kumwezi. Ici ndi cizindikiro coti thupi likusowa cakudya, ndipo mafupa amafooka. Pakhale mayi wamkulu woti mtsikanayo azimasuka naye, ndipo apite kucipatala.

Wina akabwera ndi mapiritsi kapena jakisoni "wopatsa mphamvu," mukaneni. Lance Armstrong wa ku America anapambana Tour de France kasanu ndi kawiri, koma mu 2012 anamulanda zonse cifukwa ca mankhwala oletsedwa.

Pamene masewera ali atatu

Wophunzitsa triathlon ali ndi vuto lina. Masewera ndi atatu koma thupi ndi limodzi. Akatopa m'madzi Lolemba, kutopako amapita nako pa njinga Laciwiri. Conco mphunzitsi amawerenga zonse pamodzi. Masiku olimba amakhalabe awiri pa mlungu, osati awiri pa masewera alionse.

Kusambira kumafuna luso kuposa mphamvu. Munthu wamphamvu amene amadzutsa mutu m'madzi, miyendo yake imamira, ndipo amatopa msanga. Ayenera kuphunzira kugona cafufumimba pamwamba pa madzi, kutulutsa mpweya nkhope ili m'madzi, n'kutembenuzira mutu kumbali pokoka wina. Ndi bwino kusambira pang'ono katatu pa mlungu kusiyana ndi kusambira kwambiri kamodzi. Malo ake muwasankhe mosamala. Mu Zambezi muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odikha okhala ndi nkhono muli likodzo. Ngakhale ku Nyanja ya Niassa, munthu asasambire mtunda wautali yekha. Pambali pake paziyenda bwato.

Cinthu cimene cimadabwitsa onse oyamba kumene ndi kuthamanga atangotsika njinga. Miyendo imakhala ngati si yake. Imalemera, ndipo mapazi sagwa pamene iye akufuna. Minofu inazolowera kuzungulira, tsopano akuiuza kuti iponde pansi. Mankhwala ake ndi kuzolowera. Kamodzi pa mlungu, akangofika pakhomo, aimike njinga n'kuthamanga mphindi 10 kapena 15. Pakapita milungu ingapo kulemera kuja kumacepa. Ayesererenso kusintha msanga, cifukwa pa mpikisano woci siiima munthu akamavala nsapato. Lamulo lake n'lakuti cipewa colimba coteteza mutu cimangidwe asanatenge njinga. Cizolowezi cimeneci ciyambire kunyumba.

Mnyamata wa matumba uja

Tibwerere kwa mnyamata tinayamba naye uja. Akatswiri a ku Ulaya akamaliza kukonzekera amakagona. Wathuyu njinga ndiyo khasu lake. Mwina amanyamula anthu tsiku lonse, mwina makala, mwina m'mawa anali kumunda. Mphunzitsi amene saganizira zimenezi adzamuononga mwanayo. Maola a nchito nawonso alowe m'kope. Ngati wanyamula katundu maola asanu, thupi lalandira kale gawo lake la tsikulo. Cimene akusowa mwina ndi tsiku limodzi la citunda, ulendo umodzi wautali wopanda katundu, ndi tsiku lopuma lenileni.

Tsiku lopumalo ndi lovuta, poti ndi tsiku lopanda ndalama. Musalamule muli patali. Khalani pansi ndi makolo ake kapena mkazi wake, muwauze cifukwa cake, ndipo mugwirizane tsiku limene banja lingathe kupirira. Mwina ndi tsiku lopanda msika.

Mpikisano ukatsala milungu iwiri, nchito iyambe kucepa. Mlungu womaliza apalase pafupifupi theka la zimene amapalasa masiku onse, n'kuikamo timaliwiro tifupitifupi kuti miyendo isaiwale. Wophunzira adzadandaula. Adzaona ngati mphamvu zikuthawa, ndipo adzafuna kupita ulendo wina wautali "womaliza." Mukanizeni. Dzulo lake la mpikisano yang'anani mabuleki, matayala ndi cheni, konzani nthoci ndi mabotolo a madzi, adye cakudya cimene anazolowera, ndipo akagone msanga.