Kujambula agulo ndi njoka pa miyala ya Nkhudzi

Anthu ambiri amadutsa phiri la Nkhudzi ali pa galimoto, maso ali kunyanja, mtima uli kale ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear. Ine chimene chimandikokera kumeneko ndi miyala. Phirili ndi mbali ya Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anatchuka ndi nsomba za mbuna, koma kumtunda, pamiyala ndi m'mitengo, kuli abuluzi, agulo, ng'azi, ananzikambe ndi njoka zimene ambiri a ife timaziona bwino pokhapokha zitaphwanyidwa mutu ndi chibonga. Ine ndimazijambula zili moyo, pafupi ndithu, moti timamba tapakhungu timawerengeka kamodzikamodzi pachithunzi.

Wofuna kuphunzira lusoli ayambe ndi abuluzi, njoka azisiye kaye. Thupi la buluzi silidzifunditsa lokha ngati lathu, limadalira dzuwa. Choncho m'mawa, makamaka mu June ndi July mwera ukamaomba, amatuluka m'ming'alu n'kudzitambasula pamwala, ali wofooka, wosafuna kuthamanga. Nthawi yake ndi imeneyo, kuyambira dzuwa litangotuluka mpaka cha m'ma 8 koloko. Likafika paliwombo zonse zaipa: buluzi wachangamuka, mwala ukuwala mothobwa m'maso, ndipo chithunzi chimatuluka choyererako mbali ina, chakuda bii mbali inayo.

Amene ndimamukonda kwambiri ndi gulo. Wamphongo akatenthedwa bwino, makamaka m'nyengo yofuna mkazi, mutu wake umayaka mtundu, ndipo amakwera pamwala woonekera n'kumagwedeza mutu kuuza anzake kuti pano mpanga. Gulo wa m'mitengo mutu wake ndi wobiriwira ngati thambo. Wa pamiyala ndi wofiirira. Wa pamiyalayu akatswiri anamutcha Agama kirkii polemekeza John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone panyanjayi mu 1861. Kirk yemweyo ankayenda ndi kamera pa maulendo a ku Zambezi, nthawi imene kujambula chithunzi chimodzi inali ntchito ya mankhwala ndi kudikira. Palinso buluzi wosalala wa mizere, amene ana ake ndi aakazi amakhala ndi mchira wobiriwira kwambiri. Mchirawo ndi nyambo: mbalame ikaugwira umaduka, mwini wake n'kulowa m'phanga.

Gulo samuthamangira. Ndimayenda mapazi awiri, n'kuima, n'kuyang'ana kumbali, kenaka awiri ena. Chithunzithunzi changa chisamugwere, chifukwa kwa iye mthunzi wobwera mwadzidzidzi ndi kabawi. Akathawa sindimusaka, ndimakhala pansi pomwepo, pakuti gulo ali ndi mwala wake ndipo amabwerera. Akabwera ndimagona chafufumimba kuti kamera ikhale pamlingo wa diso lake. Chithunzi chojambulidwa munthu ataimirira chimangoonetsa msana wa kachirombo, pamene chojambulidwa pansi chimaonetsa nkhope, khosi likupuma, ndi zikhadabo zitagwira mwala.

Vuto lalikulu la kujambula pafupi ndi lakuti malo ooneka bwino amachepa kwambiri. Ndi lenzi ya macro ya 100mm, diso likhoza kuoneka bwino koma mphuno, imene ili pamtunda wochepera chala chimodzi, n'kukhala mbuu. N'chifukwa chake lamulo langa ndi limodzi: diso liyambe. Ndimachepetsa khomo la kuwala kufika pa f/11, liwiro la shata osatsika pa 1/250, ndipo ngati kuwala kwachepa ndimayatsa fulashi yophimbidwa ndi kansalu koyera kuti khungu lisanyezimire mopyoza.

Kwa njoka nkhani imasintha. Choyandikira ndi lenzi, thupi langa limatsala kutali. Ndimagwiritsa ntchito ya 300mm, nditaima mamita angapo, ndipo chithunzi chimaoneka ngati ndinali pamphuno pake. Apa ndi pamene foni imandidetsa nkhawa. Kamera yake imaona patali ndi potambalala, choncho kuti njoka idzaze chithunzi, mwini foni amatambasula dzanja mpaka kulifikitsa pamene njoka ingalume, maso ali pagalasi, osaona kuti mtunda watha. Ngati muli ndi foni yokha, imani patali, kokani chithunzicho ndi zumu, mudzachidule bwino muli kunyumba.

Njoka iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo wojambula ayenera kulidziwa asanakweze kamera. Mphiri sithawa. Imadalira mawanga ake amene amasokonezeka ndi masamba ouma, ndipo kufatsa kwakeko kumanyenga anthu. Ikafufuma n'kuyamba kupemerera, bwererani m'mbuyo, chifukwa imaluma mwa kuphethira kwa diso. Mamba yolavula imaponya ululu wake m'maso kuchokera pa mamita awiri kapena kuposerapo, ndiye ine sindiyang'anizana nayo popanda magalasi, ndipo botolo la madzi silichoka m'chikwama, pakuti ululuwo ukalowa m'maso mankhwala oyamba ndi kutsukuluza ndi madzi ambiri. Nalikukuti ndi wokongola pachithunzi, wowonda ngati kamtengo kouma, lilime lofiira la nsonga yakuda, ndipo amatha kukhala osagwedezeka nthawi yaitali. Koma ululu wake umalepheretsa magazi kuundana, ndipo palibe mankhwala opangidwira iye. Robert Mertens, katswiri wa njoka wa ku Germany, anafa mu 1975 atalumidwa ndi njoka ya mtundu umenewu imene ankaweta. Palinso kanjoka kakuda konyezimira kokhala m'dothi, kamene kamatuluka usiku mvula ikagwa. Kamaoneka kosalakwa, koma kamabaya chammbali ndi dzino limodzi ngakhale mutakagwira pakhosi.

Sindigwira njoka kuti ndiijambule, ndipo sindigula chithunzi ndi kuvutika kwa nyama. Alipo ojambula amene amaika njoka kapena buluzi mufiriji kuti afooke, kenaka n'kumukhazika pamwala wosankhidwa. Ena amapatsa ana ndalama kuti awagwirire nanzikambe. Zimenezi zimandiwawa. Nanzikambe wovutitsidwa amada thupi, amafufuma n'kuyasama, ndipo wodziwa akaona chithunzicho amazindikira kuti akuona mantha. Choipitsitsa n'chakuti mwana amene walandira ndalama lero chifukwa cha nanzikambe, mawa adzapisa dzanja kuuna wa chinthu china. M'dera la pakiyi kugwira nyama n'kuphwanya lamulo, ndipo ngakhale kukwera phiri ndi kamera kumafuna kuyamba mwaonana ndi alonda a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Ndimapirira dzuwa ndi nyerere chifukwa chithunzi chabwino chimaphunzitsa kusiyanitsa. Kwathu kuno njoka yobiriwira iliyonse imaphedwa ngati yoopsa, chonsecho zambiri mwa zimene zimayenda m'mabango ndi m'mitengo ya mango m'mbali mwa nyanja ndi zodya achule ndi analimata, zopanda vuto kwa munthu. Njoka yofiirira imene imalowa m'nkhokwe usiku nthawi zambiri imatsata makoswe amene akutha chimanga chathu. Kale kudziwa izi kunkafuna mabotolo: Arthur Loveridge anayendayenda mu Nyasaland mu 1948 ndi 1949 akutolera zokwawa zimene anapita nazo ku Harvard, ndipo mu 1961 R.C.H. Sweeney anatulutsa buku la Snakes of Nyasaland. Lero chithunzi choikidwa pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist chimaonedwa ndi akatswiri a ku South Africa ndi kwina, n'kutchulidwa dzina njokayo ikadali m'tchire mwake.

Palinso nkhani ya chipatala. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha, ndipo limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako chaka chilichonse. Munthu akalumidwa, chithunzi cha njokayo chingathandize adokotala ku Monkey Bay kapena ku Mangochi boma, koma chijambulidwe pokhapokha njokayo ikuoneka ndipo wojambula ali patali. Musataye nthawi kuisaka, musateme mphini pabala, musamange chingwe chothina. Mgonekeni wolumidwayo, asayendeyende, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mvula ikayamba mu November kapena December njoka zimachuluka m'njira ndi m'minda ya m'derali. Mukakumana nayo ndipo mpata ulipo, jambulani thupi lonse kuti mawanga ndi mchira zioneke, kenaka mutu chammbali, ndipo ngati n'kotheka mutu chakumwamba, chifukwa akatswiri amawerenga timamba tapamutu posiyanitsa mitundu yofanana. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, monga pamwala, m'bango kapena padenga la udzu.