Chizindikiro Chosaoneka Kumapeto kwa Mzere

Mukamalemba pa kompyuta n'kudina batani la Enter, mumaona ngati mwangotsikira pa mzere wina. Komatu mkati mwa fayilo mulibe mizere. Muli manambala okhaokha, otungidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, chilembo chilichonse ndi nambala yakeyake. Choncho pamene mzere wathera pamafunikanso nambala, yomwe maso saiona koma pulogalamu imaiwerenga.

Gwero la nkhaniyi ndi taipilaita. Mlembi akayandikira kumapeto kwa mzere, kabelu kankalira, iye n'kukankha kachitsulo kam'mbali. Kukankha kumodziko kunkagwira ntchito ziwiri: kubweza pepala poyambira mzere, ndiponso kulikweza pang'ono kuti mzere watsopano ulowe. Makina otumiza mauthenga pawaya analibe dzanja la mlembi, ndiye ntchito iliyonse inapatsidwa chizindikiro chake. Mu dongosolo la ASCII, lomwe linatuluka mu 1963, kubwerera poyambira mzere ndi CR, nambala 13, ndipo kutsika mzere umodzi ndi LF, nambala 10.

CR inkatsogola, LF n'kutsatira, ndipo kutero kunali ndi chifukwa. Makina a Teletype Model 33 ankadinda zilembo 10 pa sekondi, koma kachipangizo kodindirako kankatenga nthawi kuti kabwerere kumanzere. LF ikamadza pambuyo, kankapezako mpata woyenda, kuopa kuti chilembo chotsatira chingadindidwe pakati pa pepala.

Koma pa nkhani ya zizindikirozi, opanga makompyuta sanamvane chimodzi. Unix inasankha LF yokha, ndipo Linux inatsata momwemo. MS-DOS, kenako Windows, zinasunga zonse ziwiri, CR ndi LF. Macintosh yakale inkagwiritsa CR yokha mpaka Mac OS X itabwera mu 2001 n'kutengera Unix. N'chifukwa chake fayilo ya mizere 1,000 yosungidwa mwa njira ya Windows imaposa inzake ya pa Linux ndi ma byte pafupifupi 1,000, ngakhale mawu ali omwewo.

Kusiyanaku kumaonekera fayilo ikasamuka. Chisanafike chaka cha 2018, munthu akatsegula fayilo ya pa Linux mu Notepad ya Windows, ankapeza zolemba zonse zitaunjikana pa mzere umodzi wautali, chifukwa pulogalamuyo inkadikira CR yomwe munalibe. Kwinaku, fayilo yomwe mizere ina yokha ili ndi CR ikatsegulidwa mu pulogalamu yolembera ya Vim, mizereyo imathera ndi ^M. Kapulogalamu kolembedwa bwinobwino pa Windows kangathe kukana kuyenda pa Linux chifukwa cha nambala 13 yotsalira kumapeto kwa mzere woyamba.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mapulogalamu ambiri olembera amasonyeza pansi pa sikirini ngati fayilo ili ya LF kapena CRLF, ndipo amalola kusintha. Pa Linux palinso pulogalamu ya dos2unix yochotsa CR yotsalirayo. Anthu ogwirira ntchito pa mafayilo amodzi apangane njira imodzi asanayambe. Ndipo fayilo ikavuta pamene mawu ake onse akuoneka olondola, yang'anani kaye kumapeto kwa mzere.