Getsi Lophethira Lisakhale Chokhumudwitsa cha Mbale Wathu

Magetsi afika m'matauni athu ambiri, kuyambira ku Tete ndi Moatize mpaka ku Ulónguè, ndipo tikuyamika Mulungu chifukwa cha zimenezi. Masitolo amatseka mochedwa, ana amawerenga usiku, ndipo mapemphero a madzulo sakudaliranso nyali ya parafini. Komabe pakati pathu pali abale ndi alongo amene kuwala komweku kwawasandukira mtolo. Ena akalowa m'sitolo mutu umayamba kuwawa, ena amagwa kumene. Poopa manyazi amangotuma ana kukagula zinthu, ndipo pang'onopang'ono amaleka kuoneka ngakhale m'nyumba ya Mulungu. Ife timangoti afooka m'chikhulupiriro, pamene chawathamangitsa ndi chubu cha getsi chimene chili pamwamba pa mitu yathu.

Chimachitika n'chiyani?

Magetsi aatali aja, amene timawatchula machubu, sawala mosalekeza monga dzuwa. Mphamvu ya magetsi m'dziko lathu la Mozambique imasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho chubu cha mtundu wakale chimawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso silizindikira zimenezi, koma kwa anthu ena ubongo umatopa nazo. Vuto lenileni limadza chubu chikakalamba kapena sitata yake ikafooka. Pamenepo chimada kumapeto ndi kuyamba kuphethiraphethira moonekera, ndipo kuphethira kwa pakati pa ka 3 ndi ka 30 pa sekondi ndi kumene kungagwetse munthu.

Si onse odwala khunyu amene amagwa chifukwa cha kuwala. Ndi pafupifupi atatu okha mwa 100 alionse, makamaka ana ndi achinyamata. Amene amavutika ndi mutu waching'alang'ala ndiwo ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Mutu umenewu umagunda mbali imodzi, umadza ndi nseru, ndipo ukhoza kukhala kuyambira maola 4 mpaka masiku atatu. Wodwalayo safuna kuwala kapena phokoso, ndipo ena amayamba aona timizere tonyezimira mutuwo usanayambe. Mayi wotere akagona m'chipinda cha mdima tisamunene kuti ndi waulesi.

Si ufiti, si tchimo

Khunyu ndi matenda a ubongo. Bungwe la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali nawo pa dziko lonse, ndipo 70 mwa 100 alionse akhoza kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera. Amayamba chifukwa cha malungo a mu ubongo, kuvulala m'mutu, kuvutika pobadwa, kapena mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zikafika ku ubongo. Sapatsirana kudzera m'malovu, mumpweya, kapena podyera mbale imodzi.

Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu uja abadwe wosaona, koma Ambuye anakana maganizo amenewo. Pa Levitiko 19:14 Mulungu analetsa Aisraele kuika chokhumudwitsa panjira ya munthu wakhungu. Lamulo limeneli likutikhudza lero. Chubu chophethira chimene tachisiya miyezi itatu poumira ndalama pang'ono ndicho chokhumudwitsa cha masiku ano. Tiwapempherere odwala, inde, koma tisauze munthu kuti ataye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala monga phenobarbital kapena carbamazepine kungachititse munthu kugwa motsatizana mpaka kutaya moyo.

Kwa inu amene mukudwala

Pitani ku sitolo m'mawa, kuwala kwa dzuwa kukulowa pakhomo. Lembani zofunika musananyamuke kuti musakhalitsemo, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu wodziwa za matenda anu. Chipewa cha khonde kapena mpango wotsitsa pamphumi zimatchinga kuwala kochokera kudenga. Musapite ndi njala, ludzu kapena tulo, pakuti zitatuzi zimautsa khunyu ndi mutu womwe.

Mukaona getsi likuphethira, phimbani diso limodzi ndi chikhatho mpaka kuwala kusalowe, tembenukani ndi kutuluka. Kutsinzina maso onse awiri sikuthandiza, chifukwa kuphethirako kumapyola zikope. Wodwala mutu amwe mankhwala ululu ukangoyamba, apumule pa malo a mdima ndi a bata. Koma kumwa mankhwala opha ululu masiku ambiri pa mwezi kumabala mutu wina. Zikafika pamenepo kaonaneni ndi a chipatala.

Kwa ife amene tili pafupi

Munthu akagwa tisathawe. Tichotse moto, madzi otentha ndi zinthu zakuthwa, timuikire chitenje chopinda kumutu, ndi kumasula zovala za pakhosi. Tisamupanikize, tisamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndiponso tisamumwetse kanthu asanatsitsimuke. Kugwedezekako kukatha timugoneke cham'mbali kuti malovu atuluke. Tithamange naye ku chipatala ngati kwapitirira mphindi 5, ngati wagwanso asanatsitsimuke, ngati wavulala kwambiri, ngati ndi mayi woyembekezera, kapena ngati ndi koyamba. Anthu asamuunjirire, podzuka apeze nkhope imodzi yachifundo, osati khamu la oonerera.

Abale athu a masitolo ndi magolosale, sinthani chubu tsiku lomwe chayamba kuphethira. Mababu abwino a LED amadya magetsi ochepa ndipo amakhalitsa, ngakhale ena otsika mtengo kwambiri amaphethiranso. Dziwaninso kuti mu 2023 mayiko anagwirizana ku Geneva kuti kupanga ndi kugulitsana machubu amenewa kuthe pofika 2027, chifukwa muli mekyule, yemwe ndi poizoni. Tsono chubu chakufa tisachiphwanye kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa.

Atumiki ndi akulu a mpingo, yang'anani kudenga kwa tchalitchi Lamulungu lisanafike. Wina akapempha kukhala pafupi ndi zenera kapena khomo, mpatseni malowo osamufunsa zambiri. A makomiti a maukwati ndi achinyamata aganizirenso za magetsi othwanimathwanima aja amene afala m'maholo. Ndi bwino kuwazimitsa kusiyana ndi kuti mlendo mmodzi agwe pa tsiku la chimwemwe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 12 akutiphunzitsa kuti mpingo ndi thupi limodzi, ndipo kuwawa kwa chiwalo chimodzi kumamveka m'thupi lonse. Sabata ino tiyeni tiyendere amene tasiya kuwaona pakati pathu, tiwafunse mwachikondi chimene chikuwaletsa, ndipo ngati ndi getsi, tikwere pa mpando tilichotse.

Ambuye atidalitse tonse.